Mmene mungapangire selulozi wa mabakiteriya ndi tiyi, makoko a zipatso kapena madzi a kokonati

Viniga wosaphika kapena chakumwa cha kombucha (tiyi wa shuga wowawasitsidwa ndi yisiti ndi mabakiteriya) chikakhala m'botolo losatseka kwa masabata awiri, pamwamba pake pamayandama nembanemba yoterera, yoyererako, yolimba moti siduka mukaikoka ndi zala. Ambiri amaitaya poyesa kuti zaola. Nembanemba imeneyo ndi selulozi, chinthu chomwe chija chimapanga thonje ndi pepala, kungoti uyu amalukidwa ndi mabakiteriya. Wasayansi wa ku England, A. J. Brown, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1886 atapima nembanemba ya mu viniga. Mabakiteriya odziwika kwambiri pa ntchitoyi masiku ano amatchedwa Komagataeibacter xylinus, ndipo m'mabuku akale mupeza dzina loti Acetobacter xylinum.

Selulozi wa m'mitengo amakhala wosakanikirana ndi lignin, chinthu cholimbitsa mtengo, ndi zina zimene mafakitale a mapepala amavutika kuchotsa ndi mankhwala amphamvu. Wa mabakiteriya amatuluka wopanda zonsezo. Timaulusi take n'tating'ono kuwirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi ulusi wa zomera, ndipo timagwira madzi ochuluka zedi: nembanemba yaiwisi imakhala ndi madzi pafupifupi 99 peresenti. Chiwerengero chimenechi muchisunge, chifukwa chimakuuziranitu kuti kilogalamu imodzi ya nembanemba yonyowa ikauma imatsala magalamu 10 okha kapena kupitirira pang'ono.

Zimene mabakiteriyawa amafuna

Ntchito yonseyi yagona pa mfundo ziwiri. Yoyamba, mabakiteriyawa amadya zosungunuka m'madzi basi, makamaka shuga. Sangadye khoko, phesi kapena ufa mmene zilili. Yachiwiri, sakhala popanda mpweya wa okosijeni, n'chifukwa chake amaluka nembanemba pamwamba penipeni pa madzi, pamene madzi akumana ndi mpweya. Nembanembayo imawayandamitsa kuti asamire, komanso imawateteza kuti asaume. Kukolola kwanu ndiye kumadalira kutakata kwa chotengera. Botolo lalitali lodzaza madzi limakupatsani kanembanemba kofanana ndi kukamwa kwa botolo, pamene madzi omwewo mu thireyi yotakata amakupatsani chinsalu chonse.

Kuwonjezera apo amafuna nayitrojeni pang'ono, malo ofunda a madigiri 28 mpaka 30, ndi madzi owawasa. Amakula bwino pa pH ya pakati pa 4 ndi 6 (pH ndi muyeso wa kuwawasa: nambala ikamatsika, kuwawasa kumakula), koma kunyumba ndi bwino kuyambira cha pa 4 kapena 4.5, poti kuwawasako ndi kumene kumalepheretsa tizilombo tina kulowerera. Asayansi m'malabu amagwiritsa ntchito msanganizo umene Hestrin ndi Schramm analemba mu 1954, wokhala ndi shuga wa glucose 2 peresenti, msuzi wa yisiti ndi zina. Inu simufunika kufika pamenepo. Zomera zili kale ndi zambiri mwa zimenezi.

Pezani mbewu kaye

Musanaphike kalikonse, pezani madzi okhala ndi mabakiteriya amoyo. Awa ndiwo mbewu yanu. Njira yosavuta ndi kombucha wosaphika, wopanda zokometsera, pamodzi ndi kachidutswa ka nembanemba yake imene opanga kombucha amaitcha SCOBY. Viniga wosaphika wokhala ndi zoyandama pansi pa botolo amathanso kugwira ntchito, ngakhale amachedwa. Viniga woyera wa m'sitolo alibe chamoyo chilichonse, ntchito yake ndi yowawasitsa madzi basi.

Mphamvu ya mbewu ili m'madzi kuposa mu nembanemba yakaleyo. Ngati wina akukupatsani SCOBY, muuzeni akuthirireniko madzi ake okwanira kapu imodzi.

Gawo loyamba: yambani ndi tiyi

Ndikulangizani kuti ulendo woyamba mugwiritse ntchito tiyi, ngakhale cholinga chanu chili pa makoko. Tiyi savuta, ndipo mukalephera mumadziwa kuti vuto lili pa mbewu kapena kutentha. Mukayamba ndi makoko zinthu n'kukanika, simudziwa poyambira kufufuza.

Wiritsani lita imodzi ya madzi. Kuwiritsako kumapha tizilombo komanso kumathandiza kuchotsa klorini wa m'madzi a pampopi. Ponyanimo masamba a tiyi wakuda kapena wobiriwira okwana magalamu 5, muwasiye kwa mphindi 10 kapena 15, kenako sefani. Madzi akadali otentha, sungunuliranimo shuga wokwana magalamu 70 mpaka 100. Pewani tiyi wonunkhiritsidwa ndi mafuta a zipatso, chifukwa mafutawo amafooketsa mabakiteriya.

Ndiyeno dikirani kuti azizire. Apa m'pamene anthu opupuluma amaphera mbewu. Madzi afike poti mukadonthezera pa mkono mukumva kuzizirira, kutanthauza pansi pa madigiri 30. Akatero thiranimo mbewu yokwana mamililita 100 mpaka 200 pa lita iliyonse. Ngati muli ndi timapepala toyezera pH, yezani. Ikakhala pamwamba pa 4.5, onjezerani viniga woyera supuni imodziimodzi mpaka itsike.

Gawo lachiwiri: chotengera ndi malo

Gwiritsani ntchito galasi, pulasitiki yosungiramo zakudya kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Aluminiyamu ndi mkuwa zimadyedwa ndi asidi, ndipo mbiya zopakidwa utoto wonyezimira umene simukuudziwa zikhoza kutulutsa mtovu. Tsukani chotengeracho ndi sopo, mutsukuluze bwinobwino, muthiremo madzi owira, kenako mupukute ndi kansalu konyowetsa ndi viniga.

Thirani madzi aja kuti akhale akuya masentimita 3 mpaka 5, ndipo pamwamba patsale mpata wa mpweya. Vundikirani ndi nsalu yoyera yolukidwa mothinana, mumange ndi mphira kapena chingwe. Nsalu ya mabowo aakulu siyenera: tintchentche ta zipatso timanunkhiza viniga tili kutali, ndipo tikaloŵa timaikira mazira pa nembanemba. Chivundikiro chotseka mpweya nachonso ayi.

Ikani pamalo ofunda, pamthunzi, pomwe palibe wogwedeza. Izi za kugwedeza musazitenge mopepuka. Nembanemba ikagwedezeka n'kumira, imaleka kukhuthala, ndipo mabakiteriya amayambanso ina pamwamba pake. Mapeto ake mumakolola timagawo topyapyala tosanjikizana timene timasiyana pouma. Choncho sankhani malo amene thireyi idzakhale mpaka tsiku lokolola, ndipo mukafuna kusuzumira, tukulani kangodya ka nsalu kokha.

Zimene muziona

Masiku awiri kapena atatu oyamba madzi amachita mbuu, ndipo pamatha kuoneka timathovu. Kenako pamwamba pamayamba kanthu kopyapyala koonekera mkati, kovuta kukaona pokhapokha mutayang'ana chopendeketsa ndi kuwala. Pofika sabata imodzi kamayera n'kuyamba kulimba. Pakatha masabata awiri kapena atatu pamalo ofunda bwino, nembanemba imatha kufika sentimita imodzi kukhuthala kwake. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 20 zinthu zimayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo nthawi imeneyi ndi imene chuku chimapezerapo mwayi.

Muyenera kudziwa kusiyanitsa chuku ndi zinthu zosaopsa. Tizingwe tofiirira tolendewera pansi pa nembanemba ndi yisiti, tilibe vuto. Timabowo ndi zotupatupa zimabwera chifukwa cha mpweya wotsekeredwa pansi. Chuku chimamera pamwamba, chimakhala chouma, chaubweyaubweya, chozungulira, choyera, chobiriwira kapena chakuda. Mukachiona tayani zonse, madzi ndi nembanemba yomwe, ndipo mutsuke chotengera ndi madzi owira. Kudula pomwe pali chuku n'kusunga kwinako n'kudzinamiza, chifukwa njere zake zimakhala zafalikira kale.

Fungo loyenera ndi la viniga. Likamveka ngati dzira loola kapena zovunda, mwaloŵa zina.

Kukhuthala kumafika pomwe kumaima. Nembanemba ikakula, mpweya umavutika kutsika ndipo shuga amavutika kukwera, komanso mabakiteriya amasandutsa gawo la glucose kukhala asidi wotchedwa gluconic, amene amatsitsa pH mpaka iwo eni kufooka. Kudikira mwezi wachiwiri sikuwonjezera zambiri. Bola kukolola n'kuyamba thireyi ina.

Gawo lachitatu: kusamukira ku makoko ndi zotsalira zina

Mukakolola bwino ndi tiyi, madzi otsala mu thireyi ndi mbewu yamphamvu yoyambira makoko.

Makoko a chinanazi ndiwo osavuta kwambiri, poti ali ndi shuga komanso ndi owawasa kale. Ku Philippines anthu akhala akupanga chakudya chotchedwa nata de piña kuchokera ku chinanazi, ndi nata de coco kuchokera ku madzi a kokonati, ndipo zonsezi ndi selulozi yemweyu. Makoko a mango, a nthochi zakupsa, a maapozi ndi zotsalira pofinya juwisi zimagwiranso ntchito. Makoko a malalanje ndi mandimu ndi ovutirapo chifukwa cha mafuta a m'khungu lake lakunja. Ngati mukufuna kuwagwiritsa ntchito, palani khungu lamtundulo kaye.

Tsukani makoko, mutaye oola, muwaduledule tizidutswa ting'onoting'ono. Pa gawo limodzi la makoko thirani magawo awiri a madzi, muwiritse kwa mphindi 20 mpaka 30. Sefani kawiri, koyamba ndi sefa, kachiwiri ndi nsalu yothinana. Kusefa kwachiwiriku n'kofunika, chifukwa tinyenyeswa totsala timayandama n'kulukidwira mu nembanemba, ndipo pomwe pali kanyenyeswa ndi pomwe imadzang'ambikira ikauma.

Madzi a makoko nthawi zambiri sakhala ndi shuga wokwanira. Onjezerani magalamu 50 pa lita, kapena ocheperapo ngati zipatsozo zinali zotsekemera kwambiri. Shuga wochuluka mopitirira sawonjezera zokolola, amangotsala m'madzi n'kuchititsa nembanemba kumata. Molasi wa nzimbe akhoza kuloŵa m'malo mwa shuga, koma musungunule kwambiri, ndipo dziwani kuti amadetsa nembanemba.

Nayitrojeni ndiye amasowa m'makoko ambiri. Opanga nata amathira ammonium sulphate wa mlingo wa zakudya, pafupifupi magalamu 5 pa lita. Feteleza wa kumunda musam'yese n'komwe ngati nembanembayo idzadyedwa kapena kukhudza khungu. Kunyumba mukhoza kuwiritsa yisiti wouma wophikira buledi wokwana magalamu 5 mu kapu ya madzi kwa mphindi 15, n'kusefera madziwo mu lita ya madzi a makoko. Kuwiritsako kumapha yisiti n'kutulutsa chakudya chimene chili mkati mwake. Madzi owiritsira nyemba zongomera kumene amathandizanso.

Mukamaliza, wawasitsani ndi viniga kufika pH 4 kapena 4.5, muzizitse, muthire mbewu, n'kupitiriza monga munachitira ndi tiyi. Madzi a kokonati amayenda chimodzimodzi, kungoti palibe zophika makoko: mumangosefa, kuwiritsa, n'kuthira shuga ndi zina zija.

Nanga mapesi, udzu, mankhusu ndi zotsalira za nzimbe zofinya? Anthu ambiri amakopeka nazo poti ndi zochuluka ndiponso zotayidwa. Vuto n'lakuti shuga wake ndi womangidwa mu selulozi ndi mnzake wotchedwa hemicellulose, ndipo kum'masula kumafuna asidi wotentha kapena ma enzyme ogula, omwe ndi mankhwala achilengedwe oswa zinthu zoterezi kukhala shuga. Asidi wotenthayo amatulutsanso mankhwala monga furfural amene amalepheretsa mabakiteriya kukula, ndiye pamafunikanso kuwachotsa. Imeneyi ndi ntchito ya labu. Kuwiritsa mapesi m'madzi chabe kumakupatsani madzi ofiirira opanda chakudya. Zokhala ndi sitachi, monga makoko a mbatata ndi madzi otsukira mpunga, zili pakatikati: sitachi amafunika kuswedwa kaye kukhala shuga, ndipo chimera chimatha kuchita zimenezi mukachisakaniza ndi phala lake pa madigiri 60 mpaka 65 kwa ola limodzi kapena awiri.

Gawo lachinayi: kukolola ndi kutsuka

Sambani m'manja, mutukule nembanemba ndi manja awiri. Imalemera kuposa mmene imaonekera, ndipo imaterera ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Palani zofiirira za kunsi kwake ndi supuni, muitsuke pa madzi oyenda. Patulani madzi otsala mu thireyi kuti akhale mbewu ya ulendo wotsatira.

Katsukidwe kamadalira chimene mukufuna kupanga.

Ngati ndi chakudya, idulenidulenitu timabokosi ta sentimita imodzi, muviike m'madzi oyera kwa masiku awiri kapena atatu, mukusintha madziwo kawiri kapena katatu pa tsiku. Kenako wiritsani kwa mphindi 10, mutaye madzi, mubwerezenso mpaka fungo la viniga litatheratu. Pomaliza phikani m'madzi a shuga. Payokha nata ilibe kukoma, chimene anthu amaikondera ndi kutafunika kwake. Thupi la munthu lilibe enzyme yogaya selulozi, choncho imangodutsa m'mimba monga ulusi wa m'masamba. Ya chakudya isakhudzane ndi caustic soda, ndipo ichokere mu thireyi imene simunakayikemo chilichonse.

Ngati mukufuna pepala kapena chinsalu choyera chosanunkha, mabakiteriya akufa ndi shuga wotsala ziyenera kuchoka. M'malabu amawiritsa nembanemba mu caustic soda wosungunula kwambiri. Magalamu 10 pa lita ya madzi ndi okwanira, pa madigiri pafupifupi 80, kwa ola limodzi. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, muthire soda m'madzi pang'onopang'ono, osathira madzi pa soda, ndipo mugwiritse ntchito poto wa chitsulo chosachita dzimbiri. Mu poto wa aluminiyamu soda ameneyu amadya poto n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka. Madzi amasanduka ofiirira, nembanemba n'kuyamba kuyera. Tsukuluzani mobwerezabwereza mpaka kapepala ka pH kaonetse 7, kusonyeza kuti soda watheratu. Amene sakufuna kugwira caustic soda akhoza kuwiritsa kangapo m'madzi a soda wophikira. Siyera mofanana, komabe fungo limachepa kwambiri.

Gawo lachisanu: kuyanika

Yalani nembanemba pa thabwa losalala losapaka utoto, muisalaze ndi dzanja kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Thabwa limamwa madzi kunsi pamene mphepo ikuumitsa pamwamba, ndipo nembanemba imagwira thabwalo moti sikwinyika. Imatengera maonekedwe a chimene yagonapo: pa thabwa imatuluka ndi mizere ya mtengo, pa galasi imatuluka yosalala yonyezimira, ndipo mukaikuta pa mbale yovundikira imauma ili mbale. Zidutswa ziwiri zonyowa mukazisanjikiza m'mphepete zimamatana zokha pouma, popanda guluu kapena ulusi.

Yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limaumitsa m'mbali pakati pasanaume, ndipo chinsalucho chimapindika n'kukhala chophwanyika. Zimatenga masiku angapo. Mudzadabwa kupyapyala kwake: ya sentimita imodzi imatsala yosakwana milimita imodzi. Amene akufuna chonga chikopa asanjikize nembanemba ziwiri kapena zitatu zikadali zonyowa.

Yotsukidwa ndi soda imauma yolimba ngati pepala. Kuti ifewe, iviikeni m'madzi osakaniza ndi glycerine pang'ono musanayanike. Utoto umagwira bwino ikadali yonyowa. Ikauma sibwereranso kukhuthala kwake kwakale ngakhale muiviike usiku wonse, chifukwa timaulusi take timakhala tagwirana.

Ntchito zake, ndi pomwe imalekezera

Zovala za selulozi ameneyu zinatchuka ndi ntchito ya Suzanne Lee ku London, yotchedwa BioCouture, amene ankasoka majekete ndi nembanemba ya kombucha. Ambiri amaitcha chikopa chosachokera ku nyama, koma ineyo ndimaona kuti dzinali limalonjeza zoposa zimene imachita. Imakonda madzi kwambiri: mvula ikaigwera imafewa n'kulemera, ndipo kunja kukachita chinyezi imamata. Kupaka phula la njuchi losungunulira mu mafuta a kokonati kumathandiza kuti madontho aziterereka, koma sikuisandutsa yosaloŵa madzi. Pa zikuto za mabuku, tizikwama ta makhadi, zovundikira nyale ndi zokongoletsera imakwanira. Pa nsapato kapena lamba ikukhumudwitsani.

Kumbali ya mapepala, nembanemba yonyowa yotsukidwa mukaipera mu blenda n'kuisakaniza ndi phala la mapepala akale, pepala latsopanolo limalimba kuposa la phala lokha. Akatswiri okonza mabuku akale aiyesanso pomata masamba ong'ambika. Kampani ya Sony inaigwiritsa ntchito pa kanembanemba kotulutsa mawu m'mahedifoni a MDR-R10 mu 1989, chifukwa ndi yopepuka koma yosapindika wamba. Zophimba kumaso zodzikongoletsera zolembedwa kuti bio-cellulose ndi selulozi yemweyu.

Kuchipatala, selulozi ameneyu amapangira zomata pa zilonda ndi pamene munthu wapsa, monga Biofill ya ku Brazil. Amasunga chinyezi pabala, amalola mpweya kudutsa, ndipo samatirira pochotsa. Izi zisakupangitseni kumata yanu ya kunyumba pa chilonda. Ya kuchipatala imachokera ku mtundu umodzi wodziwika wa mabakiteriya, imatsukidwa mpaka zotsalira za makungu a mabakiteriya zimene zimadzetsa kutupa ndi kutentha thupi zitachoka, ndipo imaphedwa tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 121 kapena njira zina zofanana nazo. Poto wa kukhitchini safika pamenepo, ndipo selulozi payekha sapha tizilombo.

Kusunga mbewu

Mbewu isungeni mu botolo lagalasi lovundikira ndi nsalu, pamalo osatentha kwambiri, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi muzithiramo tiyi wa shuga wozizira. Mufiriji mabakiteriya amagona, ndipo mukawatulutsa amachedwa kudzuka, zimene zimapereka mpata kwa chuku. Musazolowere kukhutchumula botolo la mbewu. Mabakiteriyawa akamakulira m'madzi ogwedezeka, mitundu yawo yosaluka selulozi imachulukana kuposa yoluka, ndipo mbewu imafooka ulendo ndi ulendo. Mukaona kuti mathireyi akutulutsa madzi owawasa kwambiri koma nembanemba yopyapyala, tengani mbewu yatsopano kuchokera pamwamba pa thireyi imene inakhuthala kwambiri, mufinyiremo ndi madzi a nembanemba yakeyo, chifukwa ndi mmene muli mabakiteriya oluka. Sungani mabotolo awiri a mbewu m'malo osiyana, kuti lina likagwidwa ndi chuku mukhale ndi poyambira.